Pachikweza

Pachikweza: nyumba youlutsira mawu ya FM imene Gabriel Kondesi, mnyamata wa m'mudzi wa Soza m'boma la Mulanje, anadzipangira ndi zipangizo zakale.

Kondesi analekezera sukulu ku pulayimale, ndipo luso la zamagetsi anadziphunzitsa yekha. Makina ake anali ndi wailesi yakaseti yakale, foni ya Nokia, mathiranzisita, makapasita ndi milongoti iwiri. Pachikweza inkamveka pa 98.5 FM m'midzi yozungulira.

Mtima wa makina otere ndi koyilo, waya wakopa wokulungidwa kangapo, wolumikizidwa ndi kapasita. Ziwirizi ndizo zimasankha malo amene wailesi idzamvekere pakati pa 87.5 ndi 108 MHz: ukafinya koyilo malowo amatsika, ukaitambasula amakwera. Mawu ochokera pa maikolofoni kapena pa kaseti amasinthasintha pang'ono chiwerengero cha mafunde amagetsi amene ziwirizi zimatulutsa pa sekondi iliyonse, thiranzisita n'kuwapatsa mphamvu, mlongoti n'kuwamwaza mumlengalenga. Pa 98.5 MHz, mlongoti wa gawo limodzi mwa magawo anayi a funde umatalika masentimita pafupifupi 76. Ukaikidwa pamwamba, mawu amafika patali.

M'Malawi, kuulutsa mawu kumafuna chiphaso cha bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Mu Okutobala 2009 Kondesi anamangidwa chifukwa chopanda chiphasocho ndipo khoti linamulipiritsa K50,000. Atatuluka, sukulu ya sekondale ya Kaphuka ku Blantyre inamupatsa mwayi wophunzira ulere.

Onaninso: FM, MACRA, thiranzisita, William Kamkwamba.