Mayina a Makomo a Netiweki pa Seva za Linux

Kale Linux inkatcha makomo a netiweki eth0, eth1, motsata khomo lomwe kernel yayamba kulipeza makina akamayaka. Dongosolo limeneli silinali lokhazikika: seva ya makomo anayi ikayatsidwanso, eth0 wa dzulo ankatha kudzuka ali eth1, malamulo a firewall n'kugwera pa chingwe cholakwika. N'chifukwa chake Dell inapanga pulogalamu ya biosdevname, yomwe inalowa mu Fedora 15 mu 2011. Ndi pulogalamuyi, khomo loyamba la pa motherboard linakhala em1, pomwe p2p1 ndi khomo loyamba la khadi yomwe ili mu mpata wachiwiri wa PCI. Kuyambira mtundu wake wa 197, pulogalamu ya systemd inatsata nzeru yomweyo ndi mayina monga eno1, ens3 ndi enp2s0.

Otsutsa amati mayinawa ndi ovuta kuloweza, ndiponso kuwonjezera khadi kungasunthe manambala a PCI, enp2s0 n'kusanduka enp3s0. Akunena zoona. Koma kusinthaku kumabwera munthu akatsegula seva ndi manja ake, ali tcheru, pomwe kwa kale kunkabwera mosachenjeza aliyense. Wofunabe eth0 angamubweze polemba net.ifnames=0, ndipo pa kompyuta ya khomo limodzi sataya kanthu.