Sitima ya Hermann von Wissmann ndi Dzina Lake pa Nyanja ya Malaŵi

Ife ophunzira zilankhulo timazoloŵera kufufuza tsinde la liu, koma dzina la chombo limafunsa funso lina: kodi analitcha ndani, ndipo anafuna kuti anthu akumbukire chiyani? Tiyeni tione sitima imene Majeremani anaiyandamitsa pa Nyanja ya Malaŵi m'chaka cha 1893.

Sitimayi anaipanga ku Hamburg, ndipo zina mwa ndalama za ulendo wake zinachokera ku bungwe la ku Germany lolimbana ndi malonda a akapolo. Inadza m'zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire. Pamathithi, pamene ngalaŵa sizipita, zitsulozo zinasenzedwa ndi amtengatenga. Maina ao sanalembedwe pa chombocho. Linalembedwa ndi la Hermann von Wissmann, amene kwao ankamtama kuti ndi mdani wa ukapolo.

Apa tiyenera kudekha. Wissmann yemweyo ndiye anathetsa ndi mfuti kuukira kwa anthu a kugombe la kum'maŵa kwa Afrika, ndipo mtsogoleri wao Abushiri anapachikidwa ku Pangani mu Disembala 1889. N'zoona kuti ena mwa oukirawo anali ogula anthu. N'zoonanso kuti nkhondoyo inakhazikitsa ulamuliro wa Germany m'dzikomo. Tikuganiza kuti mau oti "kuthetsa ukapolo" anasenza katundu waŵiri, ndipo sitimayi inanyamula onse: inkasaka zombo za ogula akapolo, inkaperekanso asilikali, makalata ndi zakudya ku malinga a Majeremani kumpoto kwa nyanja. Ngakhale zinali tero, malinga a Mlozi ku Karonga anaimabe kufikira Disembala 1895, ndipo amene anaŵagwetsa anali asilikali a Harry Johnston.

Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi, Guendolen, yotchedwa dzina la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, inaipeza Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhafen, niiombera. Kaputeni Berndt, bwenzi la Kaputeni Rhoades amene analamula kuomberako, anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba ku Ulaya. Mu 1915 Angerezi anabweranso kudzaiphwanya.

Dzina la Sphinxhafen linapita ndi eni ake. Doko lija, m'dziko la Tanzania, likutchedwa Liuli. Chimene chinatsala m'kamwa mwathu ndi liu lija tinabwereka kwa Angerezi, "sitima", limene linayamba pamadzi, kenaka tinalikwezanso pa njanji.