Galoni ziwiri ndi lita imodzi

Wofuna kudziwa kuti mu galoni mumalowa malita angati ayambe wafunsa kuti galoniyo ndi ya kuti. Ya ku Britain ndi malita 4.546, pomwe ya ku America ndi malita 3.785.

Kale ku England muyeso unkayendera katundu. Vinyo anali ndi galoni yake, mowa yake, tirigunso yake. Poyeza ndi timabokosi ta inchi imodzi mbali zonse, ya vinyo inkalowa timabokosi 231, ya mowa 282, ya tirigu pafupifupi 269. Okhometsa msonkho ndi amalonda ankakokana nthawi ndi nthawi, mpaka mu 1707, mu ulamuliro wa Mfumukazi Anne, lamulo linakhazikitsa kukula kwa galoni ya vinyo. Imeneyi ndiyo inazika mizu ku America, ndipo dzikolo litadziimira palokha silinaisiye.

Anasintha ndi eni ake. Mu 1824 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inathetsa magaloni akale onse n'kuika imodzi, yokwana madzi olemera mapaundi 10. Atsamunda anafika nayo ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia. N'chifukwa chake mgolo wachitsulo wa malita pafupifupi 200 akuluakulu a kuno ankautcha wa magaloni 44, koma ku America womwewo amati wa 55. Painti nayo inagawanika: mamililita 568 ku London, 473 ku New York.

Apa n'kuti a ku France atatenga kale njira ina. Mu 1795 anakhazikitsa lita, kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse. Ubwino wake ndi wa masamu. Mu galoni ya ku Britain muli mapainti 8, mu painti muli maaunsi 20 (ku America 16), ndipo zonsezi n'zofunika kuloweza. Lita imangoyenda m'makumi: mamililita 1,000 ndi lita imodzi, malita 1,000 ndi kiyubiki mita imodzi, ija timaiona pa bilu ya madzi. Komabe nayo inadzandirapo. Mu 1901 msonkhano wa maiko woona za miyeso unagamula kuti lita ikhale malo amene kilogalamu imodzi ya madzi imadzaza. Zinadzapezeka kuti lita yotereyi inkaposa kabokosi kaja ndi kachigawo kochepetsetsa, kosavutitsa wogulitsa parafini koma kosautsa asayansi, ndipo mu 1964 anabwerera ku tanthauzo loyamba. Britain yemwe, m'lamulo la 1985, anafotokoza galoni yake m'malita.

Miyeso yakale sinathe. Mafuta pa msika wa dziko lonse amagulitsidwabe pa mgolo wa magaloni 42 a ku America, pafupifupi malita 159, muyeso wochokera ku zitsime za ku Pennsylvania m'zaka za m'ma 1800. Akafika pa pampu ku Lilongwe amakhala atatembenuzidwa kukhala malita.

Pa msika wa chimanga napo pali zake. Ndowa ya malita 20 ndi muyeso wa malo, pomwe thumba la makilogalamu 50 ndi muyeso wa kulemera. Kuti mudziwe ndowa zingati zidzaze thumba, muyenera kuona ngati chimangacho chauma, ndiponso ngati wogulitsa akuyeza chosefukira kapena cholekeza m'milomo.