Solid-state NMR: njira younikira mapuloteni osasungunuka

Solid-state NMR ndi njira yofufuzira kaumbidwe ka mamolekyu a zamoyo ali ouma, oundana kapena omatirira ku khungu la selo. Imathandiza kwambiri pa mapuloteni amene sasungunuka m'madzi ndiponso sapanga makirisitalo, omwe njira zakale zinkalephera kuwaona bwino.

Maziko ake ndi omwe aja a makina a MRI a kuchipatala. Phata la maatomu ena, monga hayidirojeni, carbon-13 ndi nitrogen-15, limachita ngati kamaginito. Chinthu chikaikidwa m'maginito amphamvu n'kuwombedwa ndi mafunde a wailesi, phata lililonse limabweza chizindikiro chake molingana ndi maatomu amene lagundizana nawo. Felix Bloch ndi Edward Purcell anaonetsa zimenezi mu 1946, aliyense ndi gulu lake, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1952.

M'madzi mamolekyu amagubuduzika mofulumira, choncho zizindikiro zimatuluka zooneka bwino. M'chinthu chouma amangoti duu, ndipo zizindikirozo zimapiringizana. Raymond Andrew mu 1958 ndi Irving Lowe mu 1959 anapeza mankhwala ake: ngati mamolekyu sakuyenda, zungulizani chinthu chonsecho. Amachiika m'kachubu kopendekeka madigiri 54.74 kuchoka pa mzere wa maginito, n'kukazunguliza ndi mpweya. Luso limeneli, lotchedwa magic angle spinning, n'logometsa ndithu. Masiku ano timachubu tosakwana milimita imodzi timazungulira maulendo oposa 100,000 pa sekondi.

Carbon-13 ndi wosowa, pafupifupi atomu imodzi pa maatomu 100 a kaboni. N'chifukwa chake ofufuza amadyetsa mabakiteriya a E. coli shuga wokhala ndi carbon-13 kuti apange puloteni yofunikayo.

Mu 2002 gulu la Robert Tycko ku National Institutes of Health, ku America, linalongosola mmene ulusi wa amyloid-beta, wopezeka mu ubongo wa odwala matenda a Alzheimer, umayalirana. Mu 2010 gulu la Mei Hong linaonetsa malo amene mankhwala a amantadine amatseka puloteni ya M2 ya kachilombo ka fuluwenza, puloteniyo ili m'mafuta ofanana ndi a khungu la selo.

Kufooka kwa njirayi n'kwakuti zizindikiro zake n'zochepa mphamvu, moti kuyeza kumodzi kumatha kudya masiku angapo. Pofuna kuzikweza, Robert Griffin wa ku MIT ndi anzake anapititsa patsogolo njira ya dynamic nuclear polarization, imene imabwereka mphamvu kwa maelekitironi chinthucho chitaziziritsidwa kwambiri.