NDEGE YA PA CHIKANGAWA

Ife a kuno ku Insaca timalidziwa bwato. Wopalasa pa nyanja ya Chiuta amadziwa kuti ulendo sunathe kufikira bwato litagunda pa dooko. Ndege nayonso ili cimodzimodzi. Nchito yaikulu ya woyendetsa ndege ndiyo kutsika ndi kutera bwino. Tiyeni tiwerenge mbiri ya ndege yaing'ono imene inalephera kufika pa bwalo lake.

Pa 10 Juni 2024, m'mawa, ndege ya asilikali a ku Malawi inanyamuka ku Lilongwe. Inali ya mtundu wa Dornier 228, yopangidwa ku Germany, ya mainjini awiri. M'katimo munali anthu 9. Mmodzi wa iwo anali Saulos Chilima, Waciwiri kwa Pulezidenti wa Malawi. Iwo anali kupita ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Ndegeyo inayenera kutera ku Mzuzu, ulendo wosakwana ola limodzi.

Pakati pa njira pali mapiri a Viphya ndi nkhalango ya Chikangawa. Mwezi wa Juni ndi nthawi ya cisanu. Tonse timaidziwa nkhungu ya ciperoni, imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone, kufupi ndi Milange. Ikabwera, ngakhale mtengo wa pakhomo suoneka. Tsiku limenelo mapiri a Viphya anakutidwa ndi mitambo ndi nkhungu yotere.

Ndege sinafike ku Mzuzu. Asilikali, apolisi ndi anthu a m'midzi anaifunafuna. Anaipeza m'mawa mwace, pa 11 Juni, itaphwanyika pa phiri m'nkhalango ya Chikangawa. Palibe amene anapulumuka.

Kodi cinacitika n'ciani? Boma la Malawi linaitana akatswiri a ku Germany kuti afufuze. Mu 2025 iwo anatulutsa zimene anapeza. Anati oyendetsa anali kuuluka mwa kuyang'ana pansi ndi maso, koma analowa m'mitambo. Anapitiriza ulendo ali munsi kwambiri, ndipo phiri linali kukwera patsogolo pao. Anapezanso kuti ndegeyo inalibe makina osunga mau a oyendetsa. Cipangizo coitana anthu pa ngozi cinali ndi batire lotha nthawi kuyambira 2004. Anthu ambiri ku Malawi anakhalabe ndi mafunso, koma izi ndizo akatswiri analemba.

Kuti timve bwino nkhaniyi, tione m'mene ndege imaterera.

Pali njira ziwiri zoyendetsera ndege. Yoyamba ndi ya maso. Woyendetsa amaona mitsinje, miseu ndi mapiri, ndipo lamulo limamuletsa kulowa m'mitambo. Yaciwiri ndi ya makina. Woyendetsa amakwera pamwamba pa mapiri onse, natsata mawailesi ndi zipangizo zace, ngakhale sakuona pansi. Ngozi imadza pamene munthu wa njira ya maso alowa m'nkhungu. Pamenepo sadziwa ngati phiri lili kutali kapena pafupi.

Pofika pa bwalo, woyendetsa amayamba waona kumene mphepo icokera. Pa bwalo pamakhala nsalu yonga thumba, yomangidwa pa mtengo, yosonyeza mphepo. Ndege imatera moyang'anana ndi mphepo, monga icitira mbalame. Ikatero, siithamanga mtunda wautali pa nthaka.

Ndege imatsika pang'onopang'ono. Pa mamita 20 opita kutsogolo, imatsika pafupifupi mita imodzi. Liwiro nalo liyenera kukhala la muyeso. Likacepa kwambiri, mapiko amaleka kunyamula ndege ndipo imagwa. Likacuruka, bwalo limatha ndege isanaime.

Pali lamulo lina loposa onsewa. Ngati woyendetsa sakuona bwalo, kapena watsika molakwa, aonjeze mphamvu ya injini, akwerenso m'mwamba. Akhoza kuzungulira ndi kuyesanso. Akhoza kubwerera kumene wacokera, kapena kukatera pa bwalo lina. N'cifukwa cace ndege imanyamula mafuta oposa a ulendo wace. Kubwerera si manyazi ai. Akulu anati kuthamanga si kufika.

Lamuloli n'losabvuta kulinena, koma n'lobvuta kulisunga. Ndege ikanyamula munthu wamkulu, ndipo anthu akudikira ku maliro kapena ku msonkhano, mtima umanena kuti tiyeni tipitirire. Aphunzitsi a oyendetsa ndege amacenjeza za mtima umenewu. Nkhungu siidziwa udindo wa munthu.

Ife a ku Moçambique tili ndi cisoni cathu. Pa 19 Okutobala 1986, Pulezidenti Samora Machel anali kubwerera kucokera ku msonkhano wa ku Mbala, m'dziko la Zambia. Ndege yace inali yaikulu, ya mtundu wa Tupolev 134. Usiku, potsika kuti itere ku Maputo, inakhotera kumanja, nikagunda phiri ku Mbuzini, m'dziko la South Africa. Anthu 35 anafa. Ofufuza a boma la South Africa anati analakwa ndi oyendetsa. A ku Soviet Union anati ndege inasokeretsedwa ndi wailesi yonyenga. Mlanduwu sunathe. Koma makina a m'ndegemo anasunga cinthu cimodzi: belu locenjeza kuti nthaka ili pafupi linalira kwa masekondi 32, ndipo ndege sinakwere.

Kodi ife, amene sitiyendetsa ndege, tingacitenji? Ndege zazing'ono zimatha kutera pa mabwalo a dothi ndi udzu, ndipo zimanyamula odwala, mankhwala ndi cakudya pa nthawi ya njala kapena madzi osefukira. Bwalo lotere limasungidwa ndi anthu a pafupi. Tisadyetsepo mbuzi ndi ng'ombe. Tisalimepo, tisadutsepo ndi njinga. Tikwirire maenje, tiphwanye zulu, ticheche udzu. Tisatenthe chire pafupi, pakuti utsi umabisa bwalo monga nkhungu. Ndege ikatera, ana akhale kutali kufikira mapiko a injini ataleka kuzungulira.

Ndipo tsiku lina tikadzaona ndege itsika, kenaka ikweranso osatera, tisaseke. Woyendetsayo waona cobvuta, ndipo wasunga miyoyo ya anthu ace.

MAFUNSO

1. Kodi ndege ya pa Chikangawa inagwa caka citi?
2. N'cifukwa ciani ndege imatera moyang'anana ndi mphepo?
3. Woyendetsa acitenji ngati sakuona bwalo?
4. Chulani zinthu zitatu zimene tingacite posunga bwalo la ndege.