Makina a magemu ndi amisiri a mawailesi ku Zomba

Mnyamata amene wasonkhanitsa ndalama zoti agule makina a magemu ku Zomba, kaya ndi oti azisewera pakhomo kaya ndi oti atsegulire kabizinesi ku Chinamwali kapena ku Chikanda, amafunsa funso lomwe agogo ake ankafunsa pogula wailesi: kodi chinthuchi chikhalitsa? M'tauni ino yankho la funsoli silinakhalepo m'manja mwa kampani yopanga makinawo. Kuyambira kale, makina olimba kuno ndi amene pali mmisiri wodziwa kuwatsegula komanso chitsulo choti aikemo m'malo mwa chimene chafa.

Nkhaniyi inayamba ndi wailesi. Zomba linali likulu la boma la atsamunda kuyambira mu 1891, choncho munadzaza makalaliki, apolisi ndi asilikali a King's African Rifles, anthu a malipiro a pamwezi amene akanatha kuika padera kandalama kogulira chinthu chachilendo. Mu 1949 kunabwera wailesi yotchedwa Saucepan Special, imene kampani ya Ever Ready ya ku Britain inapanga atapempha Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia. Cholinga chinali choti anthu akuda azimvera nyumba youlutsa mawu ya ku Lusaka, yomwe inkalankhulanso Chinyanja ndipo inkamveka mpaka ku Nyasaland. Wailesiyi inkaoneka ngati sefuliya, inkagulidwa mapaundi 5, inkayendera batire osati magetsi, ndipo mabowo ake anawatchinga ndi kaukonde kuti tizilombo tisalowe. Amene anaipanga anayamba aganizira kaye za dziko limene ikupita. Makina ambiri amene afika kuno pambuyo pake sanapangidwe ndi mtima umenewo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, wailesi ya MBC inayamba ntchito, ndipo kampani ya Nzeru Radio ku Blantyre inayamba kulumikiza mawailesi m'dziko momwe muno. Apa ndi pomwe luso lokonza mawailesi linazika mizu m'makhonde a masitolo ndi m'mbali mwa misika: tebulo laling'ono, kachitsulo kowotcherera mtovu, ndi mulu wa mawailesi akufa osungidwa ngati nkhokwe ya zipangizo. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Zomba sanaferetu, pakuti Chancellor College inali itafika mu 1973 ndipo Nyumba ya Malamulo inakhalabe mpaka 1994. Koma kanema kunalibe nthawi yonse ya Kamuzu Banda. Nyumba ya kanema ya TVM inatsegulidwa mu 1999. Makina a magemu salira popanda kanema, ndiye sanathe kufala mpaka makanema ndi madeki a kaunjika atadzaza m'misika. Amisiri aja anangosuntha ndi nyengo, kuchoka pa wailesi kupita pa deki, pa DVD, pa foni, mpaka lero akutsegula PlayStation.

Wina angatsutse kuti kulimba kumayambira ku fakitale, ndipo mmisiri wa pamsika sangawongole chimene chinapindika pobadwa. Mfundoyi ili ndi umboni wamphamvu. Makina a Xbox 360, amene Microsoft inatulutsa mu 2005, ankafa ambirimbiri chifukwa kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza kunkathyola timfundo ta mtovu m'kati mwake, ndipo akafa ankayatsa timagetsi titatu tofiira kutsogolo. Mu July 2007 kampaniyo inavomera vutoli, inatalikitsa chitsimikizo chake kufika zaka zitatu, ndi kupatula ndalama zoposa madola 1 biliyoni zokonzera makinawo. Komatu tifunse: ndani anapindula? Anali ogula a kumayiko kumene kampaniyo inali ndi njira yolandirira katundu wobwezedwa. Makina ofika ku Zomba kawirikawiri amakhala atadutsa m'manja awiri kapena atatu, atabwera m'chikwama cha mbale wochokera ku Joni kapena m'katoni ya wamalonda, opanda lisiti la sitolo yoyamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo wogula wa kuno amazipeza yekha. Tikayang'ana PlayStation 2, imene Sony inatulutsa mu 2000 ndi kuleka kupanga mu 2013, tipeza kuti nayonso inali ndi nthenda yake: diso lowerenga zimbale linkatopa. Koma makinawa anagulitsidwa oposa 150 miliyoni, kotero akufa anali ochuluka mokwanira kudyetsa amoyo. Diso likafa, lina limapezeka. Ichi ndicho chinawakhalitsa m'tinyumba ta magemu zaka zambiri anthu a kunja atawaiwala, osati kuti analibe chilema.

Palinso adani amene fakitale siinawawerengere, ndipo wamkulu ndi magetsi. Mphamvu zambiri za dziko lino zimachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, kuyambira pa Nkula mu 1966, moti mtsinjewo ukadwala dziko lonse limagona mumdima. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ndi kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunatenga miyezi yambiri. Chimene chimapsereza makina nthawi zambiri ndi magetsi pobwerera, osati pochoka. Onjezani kuti magetsi athu ndi a mavoti 230 pamene a ku America ndi 120. Makina akale ochokera kumeneko akalumikizidwa popanda thiransifoma amapsa tsiku lomwelo. Fumbi la mwezi wa October limatseka fani m'tauni, chinyezi cha nkhungu ya ku Chawe chimadya zitsulo pang'onopang'ono, ndipo mphemvu zimakonda kufunda kwa m'kati mwa makina monga zinkakondera wailesi ya 1949, kungoti tsopano palibe kaukonde. Zonsezi palibe chitsimikizo cha kampani chimene chimazilipira. Amazithetsa ndi munthu wodziwa kupukuta, kusintha fiyuzi ndi kulangiza mwini wake kuti agule kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwaukali.

Kutsutsa kwachiwiri n'kovuta kuposa koyamba: kudalira mmisiri n'kudalira munthu amene angakunamize, kuchotsa chitsulo chabwino n'kuikamo chotopa, kapena kuphunzirira ntchito pa katundu wako. Zimachitikadi, ndipo sindikuzichepetsa. Dziko lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, lili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ndipo wogula ali ndi ufulu wodandaula. Koma lamulo limagwira bwino pamene pali lisiti ndi sitolo yodziwika. Pa malonda a kaunjika chimene chimamanga mmisiri ndi mbiri yake, ndipo m'tauni yaing'ono ngati Zomba, momwe wa ku Matawale ndi wa ku Sadzi amakumana pamsika umodzi, mbiri yoipa imafika kutali dzuwa lisanalowe. N'chifukwa chake ogula ochenjera amapita ndi mmisiri wawo pokagula, kuti makinawo ayatsidwe, aseweredwe nthawi yaitali mpaka atenthe, fani imvedwe kulira kwake, ndipo timisomali tionedwe ngati tinatsegulidwapo.

Chodetsa nkhawa n'chakuti makampani akutseka khomo limene lakhala likutipulumutsa. M'makina ena a masiku ano, kuphatikizapo PlayStation 5 ya 2020, mbali yowerenga zimbale imamangiriridwa ku bolodi lake mwa pulogalamu, moti kuichotsa yonse m'makina akufa n'kuiika m'ena sikugwira ntchito. Mitundu ina ilibiretu polowetsa chimbale. Pa mitundu imeneyi gemu iliyonse iyenera kutsitsidwa pa intaneti, ndipo imodzi yokha imatha kudya magigabaiti oposa 50, pa mtengo wa mabando athu. Mulu wa makina akufa pansi pa tebulo la mmisiri, umene wakhala nkhokwe kuyambira masiku a Nzeru, ukuyamba kusanduka zinyalala chabe.