Mlandu wa Kusinkhasinkha m'Sukulu za ku New Jersey

Kawirikawiri anthu a mpingo akaima pabwalo la milandu, amapempha kuti boma livomereze cikhulupiriro cao monga cipembedzo ceniceni. Koma m'dziko la America munaoneka mlandu wina wodabwitsa: eni ciphunzitso analimbikira kukana kuti cao si cipembedzo, ndipo oweruza ndiwo anawauza kuti ndico.

Gwero lake linali lamulo lakale la m'caka ca 1791, loletsa boma la dzikolo kukhazika cipembedzo ciri conse. Potsata lamulo lomweli, bwalo lalikulu la America linaletsa mapemphero m'sukulu za boma mu 1962. Kwa munthu amene anaphunzira ku misyoni, kumene tsiku liri lonse linayamba ndi nyimbo ndi pemphero, ici cimveka cacilendo. Koma kumeneko ndiwo mwambo wao.

M'zaka zomwezo kunachuka mphunzitsi wina wa ku India, dzina lake Maharishi Mahesh Yogi. Iye anaphunzitsa njira ya kusinkhasinkha yochedwa Transcendental Meditation. Munthu amakhala cete atatsinzina mphindi 20 m'mamawa ndi madzulo, nabwereza mumtima liu limodzi lacinsinsi. Om'tsata anati njirayo ingopumitsa thupi ndi maganizo, ndipo Mkristu kapena Myuda akhoza kuicita osataya cikhulupiriro cake.

M'caka ca sukulu ca 1975 kufikira 1976 phunziroli linalowa m'sukulu zisanu za sekondale za boma m'cigawo ca New Jersey. Panalibe mwana wokakamizidwa. Analowa ofuna okha. Komatu panali mwambo wina wochedwa puja, umene wophunzira ali yense anayenera kupitako asanalandire liu lake lija. Anabwera ndi zipatso, maluwa ndi kansalu koyera, nabvula nsapato pakhomo. M'cipindamo munali cithunzi ca Guru Dev, mphunzitsi wa Maharishi, amene anamwalira mu 1953. Mphunzitsi anapereka mphatsozo patsogolo pa cithunzico, alikuimba m'cinenero cakale ca Sanskrit, cimene anawo sanacimve.

Makolo ena pamodzi ndi magulu ena anakasuma, ndipo mlanduwo udziwika ndi dzina lakuti Malnak v. Yogi. Aphunzitsi anati puja ndi kuthokoza cabe aphunzitsi akale. Woweruza H. Curtis Meanor sanakhutire ndi mau amenewa. Anawerenga nyimboyo itamasuliridwa m'Cingelezi, napeza kuti ichula milungu ya Ahindu ndi kugwadira munthu wakufa uja. Anawerenganso buku la ana, limene linaphunzitsa za "nzeru yolenga" yopanda malire ndi yosatha, yocokerako zinthu zonse. Nanga cinthu cotere cisiyana bwanji ndi cimene ena amacicha Mulungu? Mu 1977 iye analamula kuti phunzirolo lileke.

Eni ake anatengera mlanduwo ku bwalo lapamwamba la ku Philadelphia, koma mu 1979 anagonjanso. Pamenepo woweruza Arlin Adams analemba maganizo ake payekha, ndipo ndiwo amene anakhalitsa. Iye anaona kuti sikokwanira kufunsa ngati anthu achula Mulungu, pakuti ziripo zipembedzo zosatero. Anati oweruza ayang'ane ngati ciphunzitso ciyankha mafunso akuya a moyo ndi imfa ndi malo a munthu m'cilengedwe. Ngati cikhudza moyo wonse, osati kanthu kamodzi kokha. Ndiponso ngati ciri ndi miyambo, atsogoleri ndi dongosolo monga za mpingo. Anaonjeza mau ena amene ambiri amaiwala: kusinkhasinkha pakokha mwina kungakhale njira ya kupumula cabe, koma cimene cinali pabwalo cinali kusinkhasinkha pamodzi ndi buku ndi puja.

Patapita zaka zambiri, makolo ena a ku Encinitas, m'cigawo ca California, anasumira sukulu za boma cifukwa ca masewera olimbitsa thupi ochedwa yoga, amenenso anacokera ku India. Koma kumeneko akulu a sukulu anali atacotsa kale maina a Sanskrit ndi zonse zooneka ngati kupembedza. Mu 2015 oweruza anagamula kuti cotsalaco sicinali cipembedzo, ndipo ana anapitiriza masewera ao.